Kuyeza carbon dioxide panja ndi timakina totchipa

Kuyeza carbon dioxide panja ndi timakina totchipa ndi ntchito imene masukulu, anthu wamba ndi akatswiri a sayansi amagwirira limodzi pofuna kudziwa kuchuluka kwa mpweyawu m'dera lawo. Carbon dioxide amatuluka nkhuni, makala, petulo kapena malasha zikamayaka, ndipo ndiye akuchititsa kwambiri kuti dziko lizitentha. Amawerengedwa mu ppm, kutanthauza magawo ake pa magawo miliyoni imodzi a mpweya.

Chiyambi

Charles David Keeling anayamba kuyeza mpweyawu mu 1958 pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo anapeza pafupifupi 315 ppm. Pofika 2024 unali utapitirira 420 ppm. Koma makina a pamalo ngati amenewa ndi okwera mtengo, ndiponso amaikidwa dala kutali ndi utsi wa m'mizinda. Choncho sangasonyeze msewu kapena fakitale imene ikutulutsa mpweya wambiri. Mpata umenewu ndi umene timakina totchipa timatseka.

Kagwiridwe ka ntchito

M'kati mwa kamakina muli kanyali kotulutsa kuwala kwa infrared, kumene maso saona. Carbon dioxide amameza gawo la kuwalako, motero kuwala kofika kumbali inayo kukachepa, ndiye kuti mpweyawo wachuluka.

Vuto n'lakuti timakina tambiri tinapangidwira m'nyumba. M'kalasi yodzaza, yotseka mawindo, mpweyawu umatha kupitirira 1,000 ppm, ndipo kamakina kakaphonya ndi 30 kapena 50 ppm palibe chodandaulitsa. Panja zinthu ndi zina: kusiyana kwa pamsewu ndi kumunda nthawi zambiri kumakhala kochepa, mwina kongofanana ndi kuphonyako. Kutentha ndi chinyezi zimasokonezanso manambala, ndipo kamakina kakamakalamba kamayamba kunama pang'onopang'ono. Tina timadzikonza tokha poganiza kuti nambala yotsikitsitsa imene tawona ndi 400 ppm, chikhalirecho mpweya wa panja unadutsa kale pamenepo. N'chifukwa chake kamakina kamodzi, kosayerekezedwa ndi makina odalirika, sikakhala umboni wokwanira. Zomera nazo zimasintha manambala, poti masana zimameza mpweyawu, usiku n'kumautulutsa.

Chitsanzo cha ku California

Mu 2012, gulu la Ronald Cohen la pa yunivesite ya California ku Berkeley linayambitsa ntchito yotchedwa BEACO2N. Linaika timakina m'mizinda yozungulira San Francisco, tambiri pamadenga a masukulu, motalikirana pafupifupi makilomita awiri, ndipo manambala ake aliyense angathe kuwaona pa intaneti. Mphamvu yake ili pa kuchulukana: kamodzi kakasochera, tinzake timakaulula. Mu 2020, anthu atauzidwa kukhala pakhomo chifukwa cha COVID-19, timakinati tinasonyeza kuti mpweya wotuluka m'derali unatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, makamaka chifukwa magalimoto anachepa m'misewu. Njira yomweyi inakhazikitsidwanso ku Los Angeles ndi ku Glasgow.