Chifukwa chake zovala za primavera zimaonetsedwa mu Seputembala

Mu Seputembala ndi Okutobala, okonza zovala ndi nsapato oima paokha amaonetsa mafashoni a primavera ku Milan ndi Paris. Taibo Bacar wa kuno ku Mozambique anaonetsako zake ku Milan mu 2010.

Ku Ulaya nyengoyi imayamba mu Malichi, chisanu chikatha. Amaonetseratu kutatsala miyezi 6 kuti amasitolo aitanitse katundu, wosokayo adziwe kuchuluka kwa nsalu ndi zikopa zoti agule. Akasoka zambiri osagulitsa, mpamba wonse umathera momwemo.

Kuno Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, ndipo kuzizira kumadza mu Juni. Choncho telala wa ku Ulónguè asatsate kalendala ya ku Ulaya. Nyengo yake ya malonda imafika alimi akagulitsa mbatatesi, soya ndi fodya.