Bawuti likaduka pa Mvera, nsomba zimaolera m'njira

Amene timakwera malole a hayala ndi nsomba kapena mpunga kuchokera ku Senga Bay ndi ku Salima kupita ku Lilongwe timaudziwa bwino msewu wa M14. Chigwa chikatha, pamayamba zitunda ndi makona a ku Mvera, m'boma la Dowa. Apa m'pamene timapeza lole itapendekeka, tayala lili kutchire, eni katundu atagwira m'chiuno, ayezi akusungunuka pa chambo. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Mabawuti aduka."

Komatu bawuti la tayala siliduka tsiku limodzi. Limayamba ndi kamng'alu kosaoneka, n'kudzamalizika pamene lole yakumana ndi ntchito yowawa.

Choyambitsa chachikulu ndi nati yosamangika bwino. Nati ikakhwepa, limu imayamba kusewera, n'kumamenya bawuti nthawi iliyonse tayala likazungulira. Chitsulo chimatopa ngati waya amene tikumupinda uku ndi uku mpaka kuduka. Kumangitsa mopyola nakonso n'koopsa. Tonse tidawaonapo anyamata akulowetsa paipi yaitali ku sipanala, wina n'kukwerapo n'kumadumpha. Amati akulimbitsa, chonsecho akukoka bawuti mpaka kulitalikitsa, ndipo likatero mphamvu zake zatha.

China ndi matope, mchenga ndi dzimbiri zotsalira pakati pa limu ndi habu. Tikasintha tayala pamchenga wa kudoko osapukuta, nati imaoneka ngati yagwira, koma zinyalala zija zikaphwanyika m'njira, mpata umatseguka. Madzi odontha m'madengu a nsomba nawo amabweretsa dzimbiri. Onjezanipo katundu wopyola muyezo, maenje a mumsewu, ndi kutentha kwa mabuleki potsetsereka kubwerera kunyanja titasenza feteleza kapena simenti.

Palinso chinthu chimene ambiri sachidziwa. Malole ambiri ochokera ku Japan, monga Canter ndi Isuzu, ali ndi manati a kumanzere omangira chakumanzere, ndipo pamutu pa bawuti pamalembedwa chilembo L. Mnyamata wosadziwa akamati akumasula, amakhala akumangitsa, mpaka bawuti kupotokola. Ndipo kumbuyo kumene kuli matayala awiriawiri, ambiri mwa malole amenewa ali ndi nati yam'kati ndi yakunja. Kumanga yakunja yokha yam'kati ili yokhwepa n'kudzinamiza.

Nanga tingatani? Tisananyamuke, dalaivala azungulire lole, agogode nati iliyonse ndi kahamala. Yomangika imalira bwino, yokhwepa imamveka mwa phwaphwa. Mizere ya dzimbiri yochokera pa nati, kapena maboo a limu amene atalika ngati dzira, ndi chizindikiro choti tayala likusewera. Pomanga, tipukute kaye limu ndi habu, ndipo manati tiwamange modumphitsa, iyi kenako yoyang'anana nayo, osati motsatana. Galaja imene ili ndi sipanala yoyezera mphamvu ndiyo yoyenera kumalizitsa ntchito. Opanga malole amalangiza kuti tayala likasinthidwa, manati aonedwenso lole itayenda makilomita 50 mpaka 100. Choncho ngati tasintha tayala kunyanja, tisadikire kufika ku Lilongwe; tiime pamalo abwino chakufupi ndi Mvera, timangenso. Pobwerera, giya yotsika ithandize mabuleki.

Bawuti limodzi likaduka, tisamati "atsala asanu, tifika." Mutu umodzi susenza denga: katundu wa lodukalo wagwera anzake, makamaka oyandikana nalo, ndipo nawo atopa kale. Tisinthire limodzi ndi oyandikana nawowo, ndipo zowotcherera bawuti tizikane.

Ambirife lole si yathu, koma katundu ndi wathu, ndipo pamwamba pa matumbapo pamakhala amayi ndi ana athu. Tili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Adalaivala, manati mwawaona?" Ifenso tisamakakamize kuonjezera matumba khumi lole itadzaza kale pofuna kupulumutsa ya hayala. Tayala lothawa pa chitsetse silisankha: limapeza wapanjinga, mwana wa sukulu kapena mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mphindi khumi zogogoda manati kudoko n'zotchipa kusiyana ndi kutaya nsomba za usiku wonse m'zitunda za Mvera.