Msana wanu ndi manja amene amaugwira

Amayi, ndani mwa inu amene sanamvepo msana ukuwawa dzuwa likamalowa? Mwachokera kumunda kapena kumsika, katundu pamutu, mwana kumbuyo, ndipo pofika madzulo mukuitana mdzukulu kuti akupondeni pamsana, kapena mnansi kuti akuthoweni. Kodi mudayamba mwaganizapo za chimene chili m'kati mwa mafupa akupondedwawo?

Kumayiko ena kuwongola msana ndi manja ndi ntchito yochita kuphunzira. Imatchedwa chiropractic, ndipo adaiyambitsa ndi Daniel David Palmer m'chaka cha 1895 mumzinda wa Davenport ku America. Iye ankakhulupirira kuti matenda ambiri amadza chifukwa cha mafupa a msana amene asuntha pamalo pake. Ofufuza sadapeze umboni wa ganizo limeneli, ngakhale kuti ena ovutika ndi msana wam'munsi amapezako bwino akawongoledwa. Ku South Africa ntchitoyi imaphunzitsidwa ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, ndipo maphunziro ake amatenga zaka zosachepera 5.

Wophunzira asanaloledwe kukhudza wodwala, amayamba waphunzira za mitsempha. Sitikunena mitsempha ya magazi ayi, koma ija yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. M'sukulu zina mphunzitsi wa phunziroli amangobwera masiku owerengeka pa mlungu, masiku enawo ali ndi odwala ake. Motero saphunzitsa za m'buku zokha, pakuti amadziwa zimene zimachitika manja akalakwitsa.

Zimene amaphunzitsazo n'zoyenera kuti nanunso muzidziwe. Msana uli ndi mafupa 33 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo otsalawo ali kumunsi kwenikweni. Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali kankhata kofewa koletsa kukhulana. M'kati mwa mafupawo muli mphako, ndipo m'menemo mumadutsa chingwe chofewa chochokera ku ubongo, chotalika pafupifupi masentimita 45. Chingwechi chimatulutsa mitsempha 31 kumanja ndi 31 kumanzere, uliwonse wopita kudera lakelake.

Mphunzitsi uja amatha kufunsa kuti: mayi akudandaula za dzanzi lotsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka kukachala kakang'ono ka kuphazi, kodi vuto lili pati? Wophunzira woloza phazi walakwa. Kawirikawiri gwero lake lili m'chiuno, pamene kankhata kena katuluka ndi kutsamira mtsempha wopita kumwendo.

Pali phunziro lina limene salola kuti aliyense alilephere. Chingwe chija chimathera chakumtunda kwa chiuno, ndipo kuchokera apo mitsempha imalendewera ngati ubweya wa kumchira. Madokotala amaitcha cauda equina, kutanthauza mchira wa kavalo. Imeneyi ndiyo imalamulira miyendo, chikhodzodzo ndi njira ya chimbudzi. Ikapanikizika kwambiri pamafunika opaleshoni yamsanga, pakuti kuchedwa kungamsiye munthu wolumala moyo wake wonse. Wophunzira amauzidwa kuti akaona zizindikiro zake achotse manja ndi kutumiza wodwala kuchipatala.

Zizindikirozo ndi izi: dzanzi pachinena ndi pokhalira, kulephera kutaya madzi kapena kungodzionongera osazindikira, ndi kufooka kwa miyendo, makamaka yonse iwiri. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pamodzi ndi kuwawa kwa msana, musadikire kuti kuche.

Chenjeraninso ndi msana wowawa milungu yambiri, wokulepheretsani kugona usiku, pamene thupi likuonda ndi kutuluka thukuta. Kungakhale chifuwa chachikulu chimene chalowa m'mafupa a msana. Nthendayi imachizika ndi mankhwala a kuchipatala, koma imadya fupa, ndipo fupa lodyeka likapondedwa lingathe kuphwanyika ndi kuvulaza chingwe chija.

Tisakuopsezeni, amayi. Kuwawa kwa msana kochuluka n'kwa kutopa chabe, ndipo kumatha pakapita milungu yochepa. Kuthowa ndi madzi ofunda kulibe choipa. Pitirizani kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka m'malo mongogona pamphasa. Ponyamula ndowa pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo pemphani mnzanu akusenzetseni.

Chimene chimachedwetsa ambiri ndi manyazi. Nkhani ya mkodzo ndi chimbudzi njovuta kuitchula, ngakhale kwa bambo a kunyumba. Koma akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ngati wophunzira wa zaka 5 amalamulidwa kuchotsa manja akamva zizindikiro zimenezi, koposa kotani mdzukulu wanu wopondayo? Mukafika kuchipatala, auzeni anamwino zonse monga zilili, osabisa kanthu.