Terminator 2 imene munaonera pa Mpingu inali iti?

Kuyambira pa Mpingu mpaka ku Namitete, n'kovuta kupeza mnyamata wosadziwa Arnold Schwarzenegger. Ena anamudziwira mu vidiyo sho, ena pa foni. Koma ingoyambitsani nkhani ya Terminator 2, mumva mkangano. Wina akuti loboti ija anaitsegula mutu, mnzake akuti ndi bodza lenileni, zimenezo mulibemo. Chodabwitsa n'choti onse awiri akunena zoona, kungoti anaonera mafilimu osiyana a dzina limodzi.

Filimu imene James Cameron anatulutsa mu 1991 ndi ya mphindi 137. Mu 1993 kunabwera ina, Special Edition, momwe anabwezeramo mphindi pafupifupi 16 zimene anadula. Mwina mukuti aaa, mphindi 16 n'chiyani? Dikirani kaye.

Mu ya 1991, loboti imangouza John Connor kuti imaphunzira ikamakhala ndi anthu, basi nkhani yatha. Mu yaitali, atabisala m'galaja usiku, loboti imaulula kuti Skynet, kompyuta imene imatuma malobotiwa, imatseka ubongo wawo kuti asamaphunzire zambiri. Ndiye Sarah ndi mwana wake John amaitsegula mutu n'kuchotsa chip. Apa Sarah amatenga hamala kuti aiphwanyiretu, chifukwa loboti ya nkhope yomweyi inafuna kumupha m'filimu yoyamba ya 1984. John amawaletsa amayi ake. Amawauza kuti ngati iye adzakhaledi mtsogoleri, ayambe iwowo kumumvera. Hamala imagwera pambali.

Apa mpamene filimu yonse ikusinthira. Mu yaifupi, loboti imaphunzira yokha kufunika kwa moyo wa munthu. Mu yaitali, imaphunzira chifukwa mwana wa zaka 10 anasankha kuikhulupirira, ndipo mayi wodzala mantha anabweza dzanja. Ikamatsikira m'chitsulo chosungunuka kumapeto kuja, mtima umakupweteka kwambiri podziwa kuti ikanafera m'galaja. M'nthawi ino ya AI pa foni iliyonse, funso la amene amaloleza makina kuphunzira si la m'filimu mokha.

Gawo lomwelo analijambula mwanzeru. Galasi limene mumaona si galasi ayi. Linda Hamilton, amene ndi Sarah, anali ndi mnzake wobadwa naye mapasa, Leslie, ndipo awiriwo ankayendetsa manja mofanana, wina mbali iyi, wina mbali inayo.

Palinso T-1000, loboti yosandulika ija. Mu yaitali imayamba kusokonekera ikaphwanyika n'kulumikizananso, moti mapazi ake amamatirira pa zitsulo. N'chifukwa chake John amazindikira kuti mmodzi mwa a Sarah awiri aja ndi wabodza. Mumaonanso Miles Dyson ali pakhomo, mkazi wake akumukumbutsa kuti analonjeza kukawayendetsa ana. Munthu amene ntchito yake idzawononge dziko ndi bambo wabwinobwino wokonda banja lake.

Komabe si zonse zobwezedwa zimene zimakoma. Maloto a Sarah okumana ndi Kyle Reese m'chipatala amachedwetsa nkhani. Palinso mtundu wachitatu wokhala ndi mathero ena: Sarah wakalamba, ali m'paki, John ndi senator, nkhondo sinachitike. Zabwino zokhazokha, koma mantha onse amathera pomwepo. Cameron anachita bwino kusankha msewu wamdima uja, umene sukuuza chimene chili kutsogolo.

Ndiye musanawononge bandulo kapena kudzazitsa memory card pa Mpingu, onani kaye kutalika kwake. Ikalemba 2:17, ndi ya 1991. Ikapitirira 2:30, ndi yaitali. Ngati simunaionerepo, yambani ndi yaifupi, imathamanga bwino. Ngati munaiona kale kambirimbiri, pezani yaitali muone hamala ija.