Zimene BMI imanena ndi zimene siiona

Pa ntchito yanga ya kadyedwe ndimakumana ndi anthu ambiri oda nkhawa ndi BMI yawo, pomwe masamu ake ndi apafupi. Tengani makilogalamu anu, muwagawe ndi kutalika kwanu m'mamita, ndipo yankholo muligawenso ndi kutalika komweko. Munthu wa makilo 65 wotalika mamita 1.70 amapeza 22.5. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu wosafika 18.5 ndi wowonda, wofika 25 wanenepa mopitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kodetsa nkhawa.

Anayambitsa kawerengedweka ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830. Iyeyu sanali dokotala koma katswiri wa masamu, ndipo ankayeza chigulu cha anthu, osati kupima wodwala mmodzi. Dzina lakuti BMI linatchuka ndi Ancel Keys wa ku America mu 1972.

Ine ndimaikhulupirira pamalo pake. Imangofuna sikelo ndi choyezera msinkhu basi. Wodwala chifuwa chachikulu akatsika kupitirira 18.5, imatichenjeza msanga kuti akufunika chakudya chowonjezera.

Koma sikelo imangotchula makilo, siidziwa ngati m'thumba muli chimanga kapena madeya. Minofu imalemera kuposa mafuta ochuluka mofanana nayo. Mnyamata wonyamula zitsulo, wa makilo 85 ndi mamita 1.75, amapeza 27.8, nambala ya wonenepa, chikhalirecho pamimba pali gwa. Akamvera nambalayi n'kuyamba kudzimana nsima, ataya mphamvu zimene wazivutikira. Mtsikana wothamanga mtunda wautali akhoza kupeza 19, yooneka yabwino, pomwe akudya mopereweza mpaka msambo unasiya ndipo mafupa akufooka. Winanso ndi bambo wa muofesi, miyendo yowonda, mimba kutsogolo: BMI yake ikhoza kukhala 24, koma mafuta a m'mimbawo ndiwo amaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa mayi woyembekezera kapena munthu wotupa miyendo, BMI imasocheretsa, ndipo ana ali ndi matchati awoawo.

Choncho musaimire pa BMI yokha. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pakati, muchizunguze pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikalephera kukumana, pitani mukayezetse shuga ndi BP, ngakhale BMI itanena kuti muli bwino. Aphunzitsi a masewera, musatsitse kapena kunyoza wosewera chifukwa cha nambala imeneyi. Muoneni mmene akudyera, akuthamangira ndi kuchirira akavulala.