Mganda wa ku Mbamba Bay ukufuna wojambula wakwawo

Mwana wa ku Ngumbo, Liuli kapena Lituhi akauza makolo ake kuti akufuna kukaphunzira kujambula nyimbo ku koleji, ambiri amapukusa mutu. Kwa iwo sukulu yeniyeni ndi ya uphunzitsi, unamwino kapena zausodzi, ndipo zoimba ndi za madzulo anthu akaweruka. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa ndalama za fizi zimachokera m'bwato ndi m'munda wa chinangwa. Komabe dera la m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nyasa ku Tanzania likufunikira mwana wotereyu, popeza nyimbo zake ndi zovuta kujambula, ndipo munthu wosaphunzira bwino ntchitoyi amazipundula.

Taganizirani mganda, gule wa amuna amene anayamba potsanzira perete wa asilikali itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo amavinidwa mbali zonse za nyanja, ku Mbamba Bay, Likoma ndi Nkhata Bay komwe. Pabwalo pamakhala ng'oma yaikulu yogunda mpaka m'chifuwa, malipenga a zikho olira monjenjemera, mluzu wa mtsogoleri, mapazi ndi mawu a oimba amene akuyenda m'mizere. Mukajambula ndi foni, ng'oma imaphimba zonse, mawu a nyimbo osamveka, ndipo mwera ukawomba zimangomveka phokoso. Wophunzira amadziwa chifukwa chake. Maikolofoni iliyonse ili ndi malire a mphamvu imene ingalandire, ndipo ng'oma ikapyola malirewo mawu amasweka moti sangakonzekenso pa kompyuta. Amadziwanso kuti mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho maikolofoni ziwiri zikaikidwa motalikirana mosaganizira, kugunda kumodzi kumafika nthawi ziwiri zosiyana, ndipo pozisakaniza ng'oma imamveka yopyapyala. Kwaya ya m'tchalitchi cha malata ili ndi vuto lake, chifukwa mawu amabwerera kuchokera m'makoma, ndipo jenereta ikayandikira imalowa m'nyimbo. Zonsezi zili ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndiwo amaphunzitsidwa m'kalasi.

Mbiri ikutionetsa kuti nyimbo zathu zakumudzi zakhala zikujambulidwa kwambiri ndi alendo. Hugh Tracey anayenda ndi makina ake ku Tanganyika ndi ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria anajambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967. Ian Brennan wa ku America anajambula akaidi a ku Zomba mu 2013, ndipo chimbale chawo chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016. Anthuwa ndi oyenera kuwathokoza, ndipo ntchito yawo ikutsimikiza kuti nyimbo yakumudzi ikajambulidwa mwaluso imafika kutali. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amabwera masabata owerengeka, amasankha zimene zamukomera, n'kupita nawo matepi. Mwana wobadwira pa gombe amamva Chinyanja ndi Chimpoto cha m'nyimbomo, amadziwa gulu limene limakometsa gule wa amayi wa chihoda, ndipo chaka chamawa adzakhala ali pomwepo.

Ena angatsutse kuti luso limeneli silifuna digiri. Angatchule singeli, nyimbo yothamanga imene anyamata a ku Dar es Salaam anaipanga pa makompyuta otchipa m'tizipinda, ndipo inamveka kunja kwa dziko itatuluka pa chimbale cha Sounds of Sisso mu 2017. Ndi zoona, ndipo palibe anganyoze luso lawo. Kusiyana kwake n'kwakuti singeli imabadwira m'kompyuta momwemo, pamene mganda umabadwira pamchenga pakati pa anthu ambirimbiri. Wodziphunzitsa yekha pa YouTube amapeza maphunziro ochuluka opangira mabiti, koma oika maikolofoni pa lipenga la chikho ndi osowa. Kuopsa kwake n'kwakuti ng'oma ikamuvuta amaichotsa n'kuikamo ya pa kiyibodi, ndipo kwaya zonse zimayamba kumveka mofanana.

Funso lina ndi la ntchito. Kunena zoona, situdiyo zambiri zili m'mizinda, ndipo womaliza maphunziro angakopeke kukhala komweko. Komabe amene waphunzira za mawu sadalira oimba okha. Mawailesi, matchalitchi, misonkhano, maukwati ndi opanga mafilimu onse amafuna munthu wodziwa kuyendetsa zokuzira mawu. Zipangizo nazo zachepa thupi: laputopu, maikolofoni zingapo ndi sola zikukwana m'chikwama, ndipo msewu wa tala wochokera ku Mbinga wafupikitsa ulendo wa ku Songea. Kusukulu amaphunziranso malamulo a umwini wa nyimbo, amene ku Tanzania amayang'aniridwa ndi COSOTA monga COSOMA ichitira ku Malawi, choncho akhoza kuthandiza gulu la gule kuti lisagulitse nyimbo zake pa mtengo wa chakudya cha tsiku limodzi.

Kophunzira kulipo. University of Dar es Salaam ndi Tumaini University Makumira kufupi ndi Arusha zimaphunzitsa nyimbo, TaSUBa ya ku Bagamoyo ili ndi maphunziro a nyimbo ndi kujambula mawu, ndipo ku Malawi kuli University of Malawi ku Zomba ndi Music Crossroads Academy ku Lilongwe. Sukuluzi zingachite bwino kutumiza ophunzira ku magombe kukajambula magule enieni asanalandire masatifiketi, n'kusiya kope la zojambulazo m'manja mwa eni ake. Inu makolo ndi atsogoleri a mipingo a m'boma la Nyasa, mwana akaonetsa khutu lakuthwa musamugwetse mphwayi. Mulipirireni fizi monga mukanachitira akanasankha uphunzitsi, ndipo mumuuze kuti akamaliza abwere kudzajambula nyimbo za kwawo.