Kodi magemu angakulimbitseni thupi muli kunyumba?

Ambiri akamva za magemu a pa TV kapena pa foni amaganiza za munthu amene wangokhala pampando, zala zokha zikugwira ntchito. Koma alipo magemu ena amene amafuna kuti wosewera adzuke n'kuvina, kudumpha, kunyonyomala kapena kuthamanga pamalo amodzi. Kodi magemu otere angalowe m'malo mwa masewera olimbitsa thupi?

Anayamba liti?

Mu 1998 kampani ya Konami ya ku Japan inatulutsa Dance Dance Revolution, gemu imene wosewera amaponda zizindikiro pansi motsatira nyimbo. Mu 2006 Nintendo inabweretsa Wii, ndipo anthu anayamba kusewera tenisi ndi nkhonya pabalaza. Just Dance ya kampani ya Ubisoft inatuluka mu 2009. Ring Fit Adventure ya mu 2019 imaseweredwa ndi chingwinjiri chimene mumafinya ndi kukoka, komanso lamba womanga pantchafu.

Gemu imadziwa bwanji kuti mukusuntha?

M'chipangizo chimene mwagwira muli timasensa tozindikira kugwedezeka, tofanana ndi timene timatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Vuto lake n'lakuti chipangizo cha m'manja chimangomva zimene dzanjalo likuchita. Pa magemu ena munthu angathe kupeza mapointi ambiri atakhala pasofa, akungogwedeza mkono. Choncho mapointi si umboni wakuti thupi lagwira ntchito.

Muyeso weniweni ndi uti?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera amphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150. Limatinso achite zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Izi zimachepetsa chiopsezo cha matenda a mtima, shuga, sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi.

Kuti mudziwe ngati gemu ikukufikitsani pamenepo, mverani mpweya wanu. Ngati mukupuma mofulumira, mukutha kulankhula koma osatha kuimba, ndiye kuti mphindizo n'zowerengeka. Ngati mukuimba nawo nyimbo yonse osabanika, onjezerani mphamvu: pindani mawondo, kwezani manja, sunthani thupi lonse. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zimakwanitsa 150 zija.

Magemu ovina amathandiza kwambiri mtima ndi mapapo, koma pa minofu amaperewera. Onjezerani kunyonyomala n'kudzuka, kapena kukankha khoma ndi manja, kawiri pa sabata.

Nanga amene ali ndi foni yokha?

Makina a magemu ndi okwera mtengo, koma foni ingathandize. Just Dance Now, imene inatuluka mu 2014, imakulolani kugwira foni m'manja n'kumatsatira ovina pa kompyuta kapena TV ya intaneti. Dziwani kuti imadya bando ndipo nyimbo zambiri n'zolipira. Ngati zimenezi zakukulirani, sungani vidiyo yovina mu foni n'kumaitsatira, mwina mopikisana ndi ana. Phindu lalikulu la gemu n'lakuti imasangalatsa, ndipo chimene chikukusangalatsani mumachibwereza mawa.

Samalani izi

Chotsani mipando, mbaula ndi zonse zimene mungagunde, ndipo musasewere pa simenti yoterera. Yambani ndi mphindi 10, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, madzi akumwa ali pafupi. Ngati muli ndi matenda a mtima, shuga kapena BP, kapena ndinu oyembekezera, yambani mwafunsa kuchipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, siyani pomwepo ndipo thamangirani kuchipatala.